Mmene Juzi ya Anamwali Inasandukira Dzina Lodziwika Padziko Lonse

Pa msika uliwonse wa m'boma lino pali khonde la matelala. Makina amayamba kulira m'mawa ndipo amaleka dzuwa litapendeka. Ambiri mwa amisiri amenewa luso ali nalo, koma ntchito imene imawapeza kawirikawiri ndi yoika zigamba, kusintha zipi ndi kuchepetsa mathalauza ogulidwa pa kaunjika. Telala akhoza kukhala pakhonde limodzimodzi kwa zaka 20 ali ndi makina omwe aja, ndipo tsiku limene maso ake ayamba kufooka, bizinesi imathera pomwepo. Ana amatsala ndi makina okha, chifukwa makasitomala ankatsata munthuyo, ndipo palibe dzina limene angapitirize kulitsata.

Phunziro la m'kope lino likufotokoza mmene ntchito ya manja a munthu mmodzi ingakulire n'kukhala dzina la malonda, dzina limene ogula amalifunafuna ngakhale asanamuonepo mwini wake. Chitsanzo chake ndi kampani ya MaXhosa Africa ya ku South Africa, imene inayambira pa majuzi oluka ochepa chabe, koma mu 2024 inafika potsegula sitolo ngakhale mu mzinda wa New York ku America. Mbiri ya kampaniyi ikuonetsa kuti dzina la malonda limakula pamene mwini bizinesi wasankha anthu amene akuwadziwa bwino, wawathetsera vuto limodzi lenileni, ndipo akubwereza ubwino womwewo pa chovala chilichonse chotuluka m'manja mwake.

Chuma chamasiye chinali luso

Mwini wa kampaniyi, a Laduma Ngxokolo, anabadwa m'chaka cha 1986 mu mzinda wa Port Elizabeth, umene kuyambira mu 2021 ukutchedwa Gqeberha, m'chigawo cha Eastern Cape. Iwo ndi a mtundu wa Axhosa. Mayi awo anali mmisiri woluka majuzi pa makina, ndipo ndi amene anawaphunzitsa ntchitoyi iwo akadali mnyamata wa ku sekondale. Mayiwo anamwalira mwana wawoyo asanafike patali ndi maphunziro, kotero kuti chuma chamasiye chimene anatsala nacho chinali luso la m'manja.

Luso limeneli sanalisiye pamene analilandirira. Anapita ku sukulu ya ukachenjede ya Nelson Mandela Metropolitan University, mu mzinda wa kwawo womwewo, kumene anaphunzira za kapangidwe ka nsalu. Mabungwe awiri oona za malonda a ubweya m'dzikomo, a Cape Wools ndi a Mohair South Africa, anawathandiza pa maphunzirowo. Ngakhale bizinesi itayamba kale kudziwika, iwo anabwereranso m'kalasi pakati pa 2014 ndi 2016 ku sukulu ya Central Saint Martins mu mzinda wa London.

Apa pali phunziro loyamba. Luso lotengera kwa makolo ndi maziko abwino, koma limafunika kulinola. Telala amene anaphunzirira ntchito pakhonde la amalume ake amadziwa kusoka, koma kawirikawiri sanaphunzire kudula patani ya pa pepala imene ingatulutse malaya 30 ofanana ndendende, kapena kusiyanitsa masaizi mwa dongosolo lokhazikika. Zimenezi zimaphunzitsidwa, ndipo kuno kwathu maphunziro a zosokasoka amapezeka m'sukulu za ntchito zamanja zimene bungwe la TEVETA limayang'anira.

Anthu odziwika, vuto lodziwika

Pakati pa Axhosa, mnyamata amasanduka bambo akalowa chinamwali chotchedwa ulwaluko. Akatuluka amatchedwa ikrwala, ndipo akakhala ambiri ndi amakrwala. Mwambo umafuna kuti zovala zonse za paunyamata azisiye, ndipo makolo amugulire zatsopano zaulemu zimene amavala kwa miyezi pafupifupi 6, kuti aliyense womuona adziwe kuti wakula. Pa zovala zimenezi pamakhala juzi yoluka yapamwamba. Kwa zaka zambiri mabanja ankagula majuzi a makampani a ku Scotland monga Pringle ndi Lyle & Scott.

A Ngxokolo anadutsamo okha m'mwambo umenewu, ndipo anaona chinthu chimene ena ankangochizolowera. Mnyamata amene wangolangizidwa kumene za chikhalidwe cha makolo ake ankatuluka atavala juzi ya mapatani a dziko limene sanalipondepo. M'chaka cha 2010, monga ntchito yotsirizira maphunziro awo, anapanga majuzi a amakrwala okhala ndi mitundu ndi mapatani ochokera ku mikanda imene amayi a Chixhosa amaluka. Mizere, timakona ndi kasakanizidwe ka mitundu zimene zinali pa mikanda anazisamutsira pa ulusi wa ubweya.

Nzeru ya malonda imene ili pamenepa ndi yofunika kuimvetsa. Iwo sanayambe ndi cholinga chovalika anthu onse. Anasankha gulu laling'ono limene ankalidziwa ngati chikhatho chawo. Gulu limenelo linali kale ndi chizolowezi chogula juzi, linali lokonzeka kulipira mtengo wokwera chifukwa mwambo ndi wolemekezeka, ndipo linkabwera chaka ndi chaka popeza anamwali satha. Panalibe chifukwa chonyengerera munthu kuti afune juzi. Chimene chinkafunika ndi kumupatsa juzi imene ikunena za iye mwini.

Mmisiri amene amasoka chilichonse chimene chabwera, lero diresi, mawa katani, mkuja chikwama cha sukulu, amapeza ya ndiwo koma sadziwika ndi kanthu. Amene wasankha chinthu chimodzi, kaya ndi zovala za pa chinkhoswe, kaya mayunifolomu a makwaya, kaya malaya a chitenje a abambo ogwira ntchito m'maofesi, amayamba kutchulidwa pamene anthu akufunsana kuti, "Zoterezi amasoka bwino ndani?" Dzina la malonda limabadwira pa funso limenelo.

Zipangizo za pafupi ndi ubwino wosasinthasintha

Dziko la South Africa ndilo limatsogola padziko lonse pa ulimi wa mohair, ubweya wosalala wochokera ku mbuzi za mtundu wa Angora, ndipo zambiri mwa mbuzi zimenezi zimawetedwa m'chigawo cha Eastern Cape chomwecho. Dzikoli lilinso ndi nkhosa za mtundu wa merino zimene ubweya wake ndi wofewa. Gawo lalikulu la ubweya umenewu limatumizidwa kunja lisanasanduke chovala. A Ngxokolo anasankha kuluka majuzi awo ndi ubweya wa kwawo, ndipo izi zinapatsa chovalacho mbiri yosavuta kuifotokoza: mapatani ndi a Chixhosa, ubweya ndi wa m'dziko momwemo, ndipo manja oluka ndi a anthu a komweko.

M'zaka zoyambirira iwo ankadalira mafakitale a anthu ena kuti awalukire katundu. Njira imeneyi imathandiza woyamba kumene chifukwa safunika kugula makina okwera mtengo, koma ili ndi vuto lake. Fakitale ya eni imaika patsogolo maoda akuluakulu, ndipo wa oda yaing'ono alibe mphamvu pa nthawi imene katundu atuluke kapena pa kalukidwe kake. Bizinesi itakhazikika, kampaniyi inakhala ndi fakitale yakeyake mu mzinda wa Johannesburg, kumene zovala zake zimapangidwa moyang'aniridwa ndi eni dzina.

Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Dzina la malonda ndi lonjezo lakuti chovala chimene munthu wagula lero chidzafanana ubwino ndi chimene mnzake anagula chaka chatha. Kasitomala amene wasokeredwa diresi yokongola koyamba, n'kulandira yachiwiri ili ndi msoko wokhota ndi zipi yoluma, sabwera kachitatu, ndipo amauzako anzake. Chimodzimodzinso ndi tsiku lolonjezedwa. Madandaulo amene anthu amakhala nawo pa matelala nthawi zambiri sakhudza luso, koma mawu akuti "mubwere mawa" amene amanenedwa mpaka tsiku la ukwati litakwana. Telala amene amalemba m'kope dzina la kasitomala, miyeso yake, ndalama imene wapereka ndi tsiku lotenga, ndiponso amene amakana ntchito imene akudziwa kuti saimaliza, wayamba kale kumanga dzina ngakhale alibe chikwangwani.

Kuonekera pamalo oyenera

Chovala chabwino chobisika m'nyumba sichidzigulitsa chokha. Majuzi a a Ngxokolo anadziwika koyamba kudzera mu mpikisano. M'chaka cha 2010 anapambana mpikisano wa ophunzira a m'mayiko osiyanasiyana wokonzedwa ndi bungwe la Society of Dyers and Colourists, umene unathera mu mzinda wa London. Mu 2011 anaonetsa ntchito yawo pa msonkhano wa amisiri wa Design Indaba ku Cape Town, kumene ogula ndi atolankhani anaiona ndi maso. Mu 2015 analandira mphoto ya Scouting for Africa ya magazini ya Vogue Italia, imene inawatsegulira mwayi woonetsa zovala zawo mu mzinda wa Milan. Mu 2019 zovalazi zinaonetsedwa pa sabata ya zionetsero za mafashoni ku New York, ndipo mu 2021 zinavalidwa mu filimu ya Coming 2 America. Sitolo ya ku New York inatsegulidwa mu 2024.

Wowerenga zaka zimenezi aona kuti kuchokera pa majuzi oyamba kufika pa sitolo ya ku America panadutsa zaka 14. Khomo lililonse linkatsegula linzake, ndipo pa khomo lililonse panafunika katundu weniweni woti anthu amukhudze. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Mmisiri wa kumudzi alibe Milan, koma malo oonekera ali nawo. Pali zionetsero za ulimi ndi malonda zimene zimachitika m'maboma, chionetsero cha malonda cha chaka ndi chaka ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, ndi miyambo ya chikhalidwe monga Kulamba, Umthetho ndi Mulhako wa Alhomwe, kumene anthu zikwizikwi amasonkhana atavala zovala zosokedwa mwapadera. Palinso foni ya m'manja. Chithunzi chowala bwino cha chovala chositidwa, choikidwa pa WhatsApp kapena pa Facebook pamodzi ndi mtengo wake, chimafika kwa achibale a m'tauni ndi a kunja amene amaitanitsa zovala za maukwati a kumudzi. Chofunika n'chakuti chovala chilichonse chikhale ndi kansalu ka dzina pakhosi kapena m'chiuno, kuti wochisirira adziwe kumene chachokera.

Kukula popanda kutaya chiyambi

MaXhosa inayamba ndi majuzi a amuna. Patapita zaka inawonjezera zovala za amayi, kenako masokosi, mabulangete, makapeti ndi mapilo okongoletsera m'nyumba. Dzina nalo linasintha kuchoka pa MaXhosa by Laduma kukhala MaXhosa Africa, kusonyeza kuti kampaniyo yakula kupyola munthu mmodzi. Koma katundu yense watsopano ankanyamula mapatani ndi mitundu imene anthu anaizolowera pa juzi yoyamba, moti munthu amazindikira chovala cha MaXhosa chili patali asanawerenge dzina.

Ndondomeko yake ndi yakuti chinthu chachiwiri chimabwera choyamba chikagwira msika, ndipo chimagulitsidwa kwa anthu omwe aja amene akhulupirira kale dzinalo. Bizinesi zambiri zing'onozing'ono zimagwa chifukwa phindu loyamba likangooneka, mwini wake amalithamangitsira ku malonda ena osagwirizana ndi oyambawo, monga kugula njinga ya kabaza kapena kutsegula okala, makina osokera n'kutsala opanda nsalu.

Kukula kumafunanso kugawana ntchito. A Ngxokolo amayendetsa kampaniyi mothandizana ndi abale awo a bere limodzi, ndipo ntchito ya utsogoleri wa tsiku ndi tsiku siili pa mapewa a wopanga mapatani yekha. Mutu umodzi susenza denga. Telala amene amadula yekha, kusoka yekha, kukagula nsalu yekha ndi kulondola ngongole yekha sangapyole chiwerengero cha zovala chimene manja ake awiri angathe. Ngakhale m'bizinesi ya anthu atatu, mmodzi akhoza kudula, wina kusoka, wina kusunga mabuku ndi kulankhula ndi makasitomala. Pamene ogwira ntchitowo ndi apachibale, malipiro a aliyense ayenera kudziwika ndi kulembedwa, chifukwa chibale chopanda malire ndicho chimadya mpamba.

Mtengo umene umasunga bizinesi

Zovala za MaXhosa ndi zokwera mtengo, ndipo ku South Africa komweko anthu ena akhala akudandaula za zimenezi. Kampaniyi sinasinthe maganizo ake ofuna kukhala m'gulu la zovala zapamwamba, zimene mtengo wake umalipira ubweya weniweni ndi amisiri a m'dzikomo. Sikuti bizinesi iliyonse iyenera kukweza mitengo chotere, koma iliyonse iyenera kudziwa ndalama zimene chovala chimodzi chimadya chisanagulitsidwe.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Telala wagula nsalu ya K15,000, ndipo ulusi, zipi, mabatani ndi nsalu ya m'kati zamutengera K4,000. Akagulitsa chovalacho pa K25,000, iye amaona ngati wapindula K6,000. Koma pa chovala chomwecho pali gawo la lendi ya khonde, makala a simbi, mafuta a makina ndi thiransipoti yokagulira nsalu, zimene zikhoza kukwana K3,000. Palinso malipiro a tsiku lathunthu limene wagwira ntchito, amene akanamulipira mnzake K8,000. Zonse pamodzi ndi K30,000, kutanthauza kuti wagulitsa moluza K5,000 akuganiza kuti wapindula. Uku ndiko kutha kwa mpamba kumene kumachitika mwakachetechete, mwini wake ali wotanganidwa tsiku lililonse.

Pa nkhani ya mtengo, wosoka zatsopano sangapikisane ndi kaunjika, chifukwa wogulitsa kaunjika salipira nsalu kapena msoko. Malo amene telala angapambanire ndi amene bero la kaunjika silingafikeko: chovala chokwana thupi la mwini wake, zovala zofanana za gulu lonse, ndi chovala chimene chikunena za mwambo kapena dera la wochivala. Ndondomeko ya Buy Malawi, imene boma linakhazikitsa mu 2016, imalimbikitsa anthu kugula katundu wopangidwa m'dziko muno, koma wogula amabwereranso pokhapokha katunduyo akamukhutiritsa.

Kuteteza dzina ndi mapatani

Chinthu chikayamba kuyenda malonda, okopera sachedwa. Mu 2018 anthu a ku South Africa anaona kuti masokosi ena ogulitsidwa m'masitolo a Zara, kampani yaikulu ya ku Spain, anali ndi patani yofanana kwambiri ndi ya pa juzi ina ya MaXhosa. A Ngxokolo anatengera nkhaniyi kwa maloya awo, ndipo kampani ya Zara inachotsa masokosiwo pa malonda. Chimene chinawapatsa mphamvu n'chakuti pataniyo inali yodziwika kale kuti ndi yawo, moti ogula eni ake ndiwo anayamba kuiloza.

Kuno ku Malawi, dzina la bizinesi ndi chizindikiro cha malonda zimalembetsedwa ku boma kudzera ku ofesi imene anthu amaidziwa kuti ya Registrar General, ndipo lamulo la zizindikiro za malonda limene likugwira ntchito ndi la 2018. Dziko lino ndi membalanso wa bungwe la ARIPO, limene likulu lake lili ku Harare, ndipo kudzera m'bungweli chizindikiro chikhoza kutetezedwa m'mayiko angapo a mu Africa. Kulembetsa kumathandizanso m'njira zina. Bizinesi yolembetsedwa ikhoza kutsegula akaunti ya ku banki m'dzina lake, ndipo imatha kupikisana nawo pamene sukulu, chipatala kapena bungwe likufuna wosoka mayunifolomu. Ngakhale asanafike polembetsa, mmisiri ayenera kusunga zojambula za mapatani ake ndi zithunzi zokhala ndi masiku, monga umboni wakuti ndiye anayamba.

Pali chenjezo lina lokhudza chikhalidwe. A Ngxokolo anatenga mapatani kuchokera ku mtundu wawo, pa mwambo umene anaulowa okha. Malawi ali ndi chuma chotere chambiri, monga kalukidwe ka malichero ndi mikeka, mikanda ya m'chiuno ndi ya m'khosi, ndiponso zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Koma zizindikiro zina ndi za kudambwe kapena za kutsimba, ndipo eni mwambo salola kuti zionekere pamsika. Wofuna kuzigwiritsa ntchito ayambe wafunsa mafumu ndi anamkungwi, chifukwa dzina lomangidwa pa chipongwe kwa eni mwambo silikhalitsa.

Poyambira pake

N'zoona kuti South Africa ili ndi mafakitale a ulusi, masitolo akuluakulu ndi ogula a ndalama zambiri, pamene telala wa kuno amagula nsalu yochokera kunja imene mtengo wake umakwera kwacha ikagwa, ndipo magetsi sakhala odalirika. Komabe zinthu zimene zinaika maziko a MaXhosa sizinafune fakitale. Kusankha gulu limodzi la ogula, kusoka zovala zochepa zachitsanzo, kulemba ndalama zolowa ndi zotuluka, kusunga tsiku lolonjezedwa ndi kusokerera dzina pa chovala ndi zinthu zotheka ndi makina opalasa ndi miyendo. Mpamba woyambira ukhoza kuchokera ku banki m'khonde kapena ku ndalama ya chikole imene kasitomala amapereka poitanitsa chovala, ndipo ngongole yaikulu ndi bwino kuitenga maoda akachuluka kuposa makina amene alipo. Matelala a pa msika umodzi akhozanso kupanga gulu kuti azigula nsalu pamodzi pa mtengo wa pikulitsa ndi kulandira maoda amene munthu mmodzi sangawathe.

Mafunso okambirana m'magulu a amisiri ndi m'makomiti a chitukuko

1. Kodi ndi miyambo kapena zochitika ziti za m'dera lino zimene anthu amagulira zovala zatsopano chaka ndi chaka, ndipo zovalazo pakali pano zimachokera kuti?

2. Kodi telala aliyense m'gululi amadziwika ndi chovala chanji? Ngati palibe, ndi chiti chimene makasitomala ake amachiyamikira koposa?

3. Kodi chovala chimene chinasokedwa sabata yatha chinadya ndalama zingati, kuphatikizapo lendi, mayendedwe ndi malipiro a wosoka, ndipo chinagulitsidwa pa mtengo wanji?

4. Kodi mwini makina atadwala kwa miyezi itatu, ndani angapitirize ntchito, ndipo makasitomala angaipeze ndi dzina liti?